Waya wa m'nyumba si wokokera kudimba

Mvula ya chaka chino yaulula zimene m'chilimwe zinkabisala. M'makomo ambiri okhala ndi magetsi kuno ku Mulanje, kuyambira pa Chitakale mpaka ku Limbuli, ndikumapeza waya woyera uja wa ekisitenshoni atatulukira pawindo, n'kukwawa pansi kudutsa m'mabedi a mpiru ndi tomato, ulendo wa kukhola la nkhuku kapena pamtengo pamene apachika babu loopsezera akuba. Waya akaperewera amalumikiza wina, polumikizapo n'kukulunga ndi tepi, ena ndi jumbo ndi mphira. Akatero amafotsera ndi udzu uja timakuuzani kuti muziphimbira nthaka, moti wobwera kudzathirira sadziwa n'komwe kuti waponda chiyani.

Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba mwanu ali 230V, ndipo akatuluka panja sachepa mphamvu ayi. Chimene chimasintha ndi malo. Pulasitiki yokutira waya wa m'nyumba sanaipangire dzuwa, imauma n'kuyamba ming'alu yosaoneka ndi maso. Makoswe amaitafuna, khasu limaisenda. Tepi nayo ikamwa chinyezi guluu wake amamasuka, ndipo jumbo imangosunga madzi m'kati. Tsono kwathu kuno nthaka iuma liti? Mvula ikatha mu Epulo, Chiperoni chimabwera ndi mawawa ake mu Juni ndi Julayi. Wolowa m'dimba m'mamawa amakhala wopanda nsapato, manja onyowa, mapazi ali m'matope. Khungu louma limakanako magetsi pang'ono, lonyowa limawalola kudutsa mosavuta.

Chimene chimanditopetsa kwambiri ndi yankho loti, "Pakanakhala vuto breaker ikanagwa." Siigwa. Fyuzi ya m'pulagi ya mapini atatu nthawi zambiri ndi ya 13A, ndipo breaker ya masoketi, swichi ija imagwa yokha magetsi akachuluka, imaposa pamenepo. Ntchito yake n'kuteteza waya kuti asapse n'kuyatsa nyumba. Munthu safuna magetsi ochuluka choncho kuti afe. Akangodutsa m'thupi okwana 10mA kapena 15mA (1A ndi 1,000mA), minofu ya dzanja imafumbata yokha, munthu n'kulephera kutaya waya. Akapitirira 30mA, kupuma ndi kugunda kwa mtima kumayamba kusokonekera. Kuti fyuzi ya 13A iganize zoduka pamafunika magetsi oposa amenewo maulendo 400. Mwana akhoza kukakamira pawaya mpaka kutsirizika, m'nyumba wailesi ikulirabe.

Bambo wina woweta nkhuku cha ku Nkando anandiitana kuti ndikaone matenda a tomato, koma nkhani inathera kwina. Anadandaula kuti mbuzi zake zayamba kukana kudutsa pangodya ina ya khola, zikafikapo zimadumpha n'kubwerera. Mayunitsi nawo ankatha msanga, ndipo iye anali atayamba kale kukayikira oyandikana nawo. Mnyamata waganyu ndiye ananena zoona, kuti akagwira waya wotchingira khola mvula itagwa amamva kuluma m'zala, koma ankaopa kunena. Titazimitsa magetsi n'kufukula udzu tinapeza cholumikiza cha jumbo chitadzaza madzi, chitatsamira pawaya wa kholalo. Ndinati, "Bambo, mbuzi zakhala zikukuuzani." Iwo akuti, "Koma alangizi, waya ameneyu wakhalapo kalekale osavuta." Ziweto zimamva msanga chifukwa miyendo yakutsogolo ndi yakumbuyo imaponda motalikirana panthaka imene mukuyenda magetsi. Ndipo magetsi othawira m'nthakawo mita imawawerengera, mwini nyumba n'kumalipira.

Mawu akuti "wakhalapo kalekale" ndawamva mokwanira. Waya amene wakhalitsa panja ndiye woopsa kuposa watsopano, chifukwa dzuwa ndi mvula zamudya nthawi yaitali. Timagula mbewu yabwino, timagula feteleza wodula, koma pofika pa waya timatuma mwana wa sukulu kuti alumikize ndi mpeni wa kukhitchini. Zimenezi zisiyike.

Chinanso n'chakuti ambiri amene mwakokera 230V kudimba simukuifuna n'komwe. Ngati cholinga n'kuwalitsa njira, pakhola ndi pageti, mababu a LED a 12V ndi okwanira, ndipo 12V ngakhale mutaigwira ndi manja onyowa siikuphani. Thiransifoma yotsitsa mphamvu ikhale m'nyumba pouma, panja pazituluka 12V yokha. Amene muli ndi sola ndi batire ndiye mwayamba kale bwino. Koma pano napo ndikuona anthu akugwiritsa ntchito kawaya ka sipika, kenako n'kumanyoza mababu kuti ndi achinyengo. Pa 12V waya amadya mphamvu kwambiri. Mababu okwana 60W onse pamodzi amakoka 5A. Mukawayendetsa mamita 20 pa waya wakopa wa 1.5mm², mumataya zoposa 2V m'njira, babu lakumapeto n'kumangoyaka ngati koloboyi. Pa waya wa 4mm² zotayika sizifika 1V. Ndipo pafupi ndi batire ikanipo fyuzi, chifukwa batire ya galimoto kapena ya sola waya akagundana imamufiiritsa mpaka kuyatsa udzu.

Amene mukufunadi soketi panja, kaya ya pampu yothirira kaya ya nyale zofunditsa anapiye, imeneyo ndi ntchito ya amisiri a magetsi okhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta m'dziko muno. Auzeni akuikireni RCD ya 30mA, ena amati earth leakage, imene imadula magetsi m'kanthawi kosakwana sekondi ikangoona kuti akuthawira kwina. Ili ndi batani loyesera, muzilidina miyezi ingapo iliyonse. Soketi ikhale yapanja yachivindikiro, yolembedwa IP66 (chizindikiro chakuti fumbi ndi madzi sizilowa), yomangidwa m'mwamba pakhoma kapena pamzati pamene madzi othamanga safika. Nyale zonyowa ndi mvula zikhale IP65. Waya wopita pansi akhale wokutidwa ndi zitsulo uja amati armoured, akwiriridwe mozama theka la mita kapena kuposerapo pamene pamalimidwa, pamwamba pake payalidwe tepi yochenjeza wokumba. Zolumikiza zonse zikhale m'bokosi lotseka madzi, osati m'nthaka. Waya wa earth, wotayira m'nthaka magetsi othawa, asadulidwe, ndipo zolowetsa mawaya osenda m'soketi ndi timitengo ta machesi zithe.

Wina akagwidwa ndi magetsi musamukoke ndi manja. Thamangirani kukazimitsa pa main switch, zikakanika kankhani wayayo ndi mtengo wouma mutaponda pouma, ndipo mupite naye kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino, chifukwa mtima umatha kuvuta pambuyo pake. Ekisitenshoni imene ili m'udzu panopa, yambani mwazula pulagi kukhoma musanaigwire, ndipo muichotse lero lomwe.