Pachifuwa pakathina musadikire kuti kuche, chitani izi

Nthawi yambiri yomwe imatayika munthu akagwidwa ndi heart attack sitayikira panjira ayi, imatayikira pampando kunyumba, munthu akusisita pachifuwa n'kumati aaa ndi chilungulira ichi, ndimwe madzi chitha. Ena amati tione kaye kukacha. Nde vuto lonse lagona pamenepo.

Chomwe chachitika mkatimo n'chakuti mtsempha wopititsa magazi ku mnofu wa mtima watsekeka, kawirikawiri ndi magazi oundana pamalo pomwe mafuta anali ataunjikana kale. Mnofu womwe wasowa magaziwo umayamba kufa pakangotha mphindi 20 kapena 30, ndipo ukafa wafa basi, sumeranso, pamangotsala chipsera. Ndiye mukamadzilimbitsa mtima kuti zitha zokha, mtima weniweniwo ukutha.

Muzindikira bwanji? Pakati pachifuwa pamamveka ngati wina wakukhalirani kapena wakumangani lamba wothina, ululu umatha kupita kumkono makamaka wamanzere, kunsagwada, kukhosi olo kumsana, thukuta lozizira, nseru, kubanika. Zikapitirira mphindi zingapo osasiya, kapena zikusiya n'kubweranso, musafunsenso maganizo kwa munthu. Koma chenjerani, azimayi, okalamba ndi odwala shuga nthawi zina samva kupweteka kwenikweni pachifuwa, amangobanika, kufooka modabwitsa kapena kumva ngati m'mimba mwasokonekera, ndipo amenewa ndi omwe amachedwa kwambiri.

Choyamba imbani foni, nambala ya ambulansi ya komwe muliko. Osati kuimbira kaye mchimwene, kenako mlamu, kenako kufufuza pa intaneti. Ngati ambulansi kulibe kapena itenga nthawi, wina akutengeni pagalimoto pompo, koma inu wodwala musayendetse nokha, poti m'maola oyambirirawo mtima umatha kusokonekera kagundidwe mwadzidzidzi n'kukomokera pachiwongolero. Zosamba, kusintha zovala, kulongedza chikwama, zisiyeni. Akabweretsa ena pambuyo.

Podikirapo wodwala akhale pansi atatsamira khoma, mawondo atapinda, amasule kolala ndi lamba, asayendeyende. Mpatseni asipirini wa 300 mg atafune, inde kutafuna olo akome moipa bwanji, chifukwa akatafunidwa amalowa msanga m'magazi. Osampatsa ngati thupi lake limadana ndi asipirini, ngati akutaya magazi, kapena adokotala anamuletsa. Amene anapatsidwa kale mankhwala a mtima otchedwa GTN oika kunsi kwa lilime agwiritse ntchito monga anauzidwira, koma asakhale chifukwa chokhalira kunyumba ululu ukapanda kutha.

Kanthu kena komwe anthu amaiwala, yang'anani wotchi. Lembani penapake olo pafoni nthawi yomwe ululu unayamba. Kuchipatala akakufunsani zimenezo ndipo yankho lake ndi lomwe limawauza chithandizo choti apereke.

Akakomoka n'kusiya kupuma bwinobwino, kumangokoka mpweya mwa apo ndi apo ngati nkonono, mgonekeni chagada pamalo olimba, manja anu awiri pakati pachifuwa, kanikizani mwamphamvu masentimita 5 mpaka 6, maulendo 100 mpaka 120 pamphindi, osasiya mpaka thandizo lifike. Mukatopa sinthanani. Anthu amaopa kuthyola nthiti, koma nthiti imapola. Ngati pafupi pali makina a AED, othandiza mtima kuyambanso kugunda bwino pogwiritsa ntchito magetsi, ayatseni, amalankhula okha zoti muchite.

Mukafika kuchipatala apa napo pamatayika nthawi chifukwa cha ulemu. Musakakhale phee pabenchi kudikira kuti akuitaneni. Pitani kwa nesi, nenani momveka kuti munthuyu akumva kupweteka pachifuwa kuyambira nthawi yakuti, tikuganiza kuti ndi mtima. Malangizo a madokotala a mtima amati ECG, yomwe imaonetsa kagundidwe ka mtima, ijambulidwe pasanathe mphindi 10 munthu atafika, ndiye simukuvutitsa munthu mukakumbutsa.

ECG ikaonetsa kuti mtsempha watsekekeratu njira zilipo ziwiri. Ina ndi kulowetsa kachubu kudzera pamkono kapena mphechepeche kukatsegula mtsemphawo n'kuikamo stent, kachubu kang'ono ka waya kothandiza kuti mtsemphawo usatsekekenso, ndipo cholinga n'chakuti zichitike pasanathe mphindi 120. Ngati sizitheka chifukwa chipatala chochita zimenezo chili kutali, amapereka mankhwala osungunula magazi oundana monga streptokinase kapena tenecteplase, omwe amathandiza kwambiri m'maola awiri kapena atatu oyamba chiyambireni ululu, ndipo pakadutsa maola 12 phindu lake limakhala litachepa zedi. Mwaona chifukwa chake ndimati yang'anani wotchi?

ECG yoyamba ikatuluka bwino musathamangire kunyumba mukuseka kuti chinali chilungulira. Heart attack ina sioneka pa ECG yoyamba, amaipeza poyeza troponin m'magazi, chinthu chomwe mnofu wa mtima umatulutsa ukavulala, ndipo kawirikawiri amayezanso kachiwiri pakapita maola angapo. Khalani pomwepo mpaka zotsatira zachiwirizo zituluke.