Mmene ndinakonzera silo yodontha pa ekiselo ya kutsogolo

Galimoto yanga yokoka ndi matayala onse anayi inayamba kudontha oyilo mkati mwa tayala la kutsogolo. Fungo lamphamvu la salufa linanditsimikizira kuti anali oyilo wa mu difu (bokosi la magiya logawira mphamvu ku matayala), osati wa mabuleki.

Nditaikweza ndi jeki n'kuikhazika pa zochirikiza zolimba, ndinayamba ndamasula bawuti yothirira oyilo ndisanamasule yokhuthulira, chifukwa difu yopanda oyilo imene bawuti yake yothirira yakana kumasuka ndi vuto lalikulu kuposa kudontha. Kenako ndinachotsa tayala, mabuleki ndi habu (pomangirira tayala), ndinasolola shafiti (chitsulo chochokera mu difu chozunguza tayala), n'kutulutsa silo yakale (mkombero wa labala wotsekera oyilo kuti asatuluke) mosamala kuti ndisakande malo ake.

Chimene ndimaona kuti n'chofunika kwambiri ndi kufufuza chifukwa chake silo inalephera. Shafiti inali yosalala, yopanda mzere wodyeka, ndipo bering'i sinkagwedera, koma kapaipi kopumira ka difu kanali katatsekeka ndi matope. Oyilo akatentha, mpweya wa mkati umafutukuka, ndipo ukasowa potulukira umakankha oyilo kudzera pa silo, moti ngakhale yatsopano siikanakhalitsa ndikanapanda kutsuka kapaipiko.

Silo yatsopano ndinaikhomera mofanana mbali zonse, ndinapaka oyilo pang'ono pamlomo pake, ndipo shafiti ndinailowetsa nditaichirikiza kuti mano ake asang'ambe labala. Ndinathira oyilo wa mtundu wa 80W-90, monga limanenera buku la galimotoyo, mpaka atafika pabowo lothirira. Mapadi a mabuleki ndinasintha mbali zonse ziwiri, popeza amene anamwa oyilo sagwiranso bwino.