Mmene mungagulire zogwirira za buleki ndi kilatchi zotsika mtengo

Njinga yamoto ikagwa, chimene chimayamba kugunda pansi kawirikawiri ndi chogwirira cha buleki kapena cha kilatchi, chija amakaniko ambiri amangochitchula kuti liva. Kuno ku Chigwa cha Shire, kumene akabaza amadula mchenga m'chilimwe ndi matope m'dzinja ponyamula anthu kuchokera pa Nchalo kupita kumidzi ya m'mbali mwa mtsinje, kugwa kotere sikusowa, ndipo si aliyense angakwanitse kugula chogwirira cha kampani imene inapanga njingayo. Zotchipa zimene zimapezeka m'mashopu a masipeya pa Dyeratu, Ngabu kapena Bangula zikhoza kugwira ntchito bwino ndithu, malinga ngati zikufanana ndendende ndi chimene chinathyokacho.

N'chifukwa chake simuyenera kupita kushopu chimanjamanja. Masulani chakalecho, ngakhale chitaduka pakati, muchitenge pamodzi ndi bawuti yake, pakuti kungonena kuti njinga yanu ndi Boxer kapena Lifo sikokwanira: njinga za dzina limodzi zimasiyana malinga ndi mtundu wake ndi chaka chimene zinapangidwa. Mukafika, sanjikani chatsopano pamwamba pa chakale ndipo muone ngati mabowo a bawuti akulingana, ngati makulidwe a pamene chimazungulirapo ali ofanana, ndiponso ngati kadzenje kolowamo mutu wa kebulo kali pamalo amodzimodzi. Lowetsani bawuti ija m'bowo la chatsopano. Ikamalowa mochita kukakamiza, chogwiriracho chizikakamira. Ikamagwedera, bowolo lidzakula msanga ndi mabampu a misewu yathu.

Pa buleki yakutsogolo m'pamene pafunika kudekha kwambiri. Njinga zina zili ndi buleki ya kebulo, pamene zina zili ndi ya disiki yoyendera mafuta, ndipo zogwirira zake sizisinthanitsidwa. Pa buleki yamafuta, chogwirira chimakhala ndi kamlomo kamene kamakankha pisitoni yaing'ono ya m'kabokosi ka mafuta kali pachiwongolero. Kamlomo kameneka kakatalika pang'ono chabe, pisitoniyo siibwerera mpaka pamapeto mukasiya buleki, motero imatseka kabowo kobwezera mafuta m'kabokosi. Mafuta otsekeredwawo akatentha amafutukuka, buleki n'kuyamba kudzigwira yokha pang'onopang'ono mpaka tayala kuuma muli paulendo. Mlamu wanga anamanga chogwirira chotere chimene anagula pamsika wina, ndipo pofika pa mlatho wa Kamuzu njinga inali ikulemera ngati yanyamula matumba a chimanga, disiki itatentha moti sakanatha kuikhudza. Mwayi wake anaima msanga. Tsono ganizirani zotere zikuchitika mu Okutobala, pamene kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, kapena potsika mapiri ochokera ku Blantyre kulowera pa Thabwa, pamene buleki imagwira ntchito kosalekeza.

Zogwirira zambiri zotchipa zimapangidwa ndi aluminiyamu wosungunula n'kuthira m'chikombole, ndipo wotereyu amathyoka m'malo mopindika. Zimenezi si chifukwa chozikanira, koma chitembenuzeni padzuwa n'kuyang'anitsitsa mozungulira bowo la bawuti ndi pamene pamakoka kebulo. Mukaona kamng'alu kapena timaenje tokhala ngati thovu louma, pemphani china. Kumapeto kwake kukhale kampira kobulungira, chifukwa nsonga yosongoka imabaya dzanja kapena ntchafu pangozi. Zopaka utoto wofiira kapena wagolide, zokhala ndi kotembenuza kosinthira kutalikirana ndi zala, zimakongoletsadi njinga, koma mmene ndikuonera ine, wakabaza amene amayenda m'fumbi tsiku lonse angachite bwino kusankha chopanda zambiri, poti tizitsulo ting'onoting'ono totere ndi timene timayamba kugwedera fumbi likalowamo. Chopindika musachiwongole ndi hamala, pakuti chimang'aluka mkati ndipo chidzathyoka tsiku limene mudzachifinye mwamphamvu.

Ngati chothyoka ndi chitsulo chomangira pachiwongolero, gulani zonse pamodzi. Njinga zing'onozing'ono zambiri zili ndi chiwongolero cha mamilimita 22, koma onetsetsani kuti pali pomangira galasi loonera kumbuyo ndi polowera switchi.

Pomanga, pukutani fumbi lonse, pakani girizi pang'ono pabawuti ndi pamutu wa kebulo, kenaka mangani nati yapansi mokwanira koma osafinya mpaka chogwirira kulephera kubwerera chokha. Chogwirira cha kilatchi chisiyireni mpata woti chiyende chisanayambe kukoka kebulo. Pa njinga zambiri mpatawu ndi mamilimita 10 mpaka 20 mukayeza kunsonga, ngakhale buku la njinga yanu ndilo loyenera kulitsata. Popanda mpatawu kilatchi imaterera ndipo mapuleti ake amapsa, makamaka mukanyamula katundu wolemera, pamene mpata ukachuluka magiya amavuta kulowa ndipo njinga imafuna kuyenda ngakhale mutafinya kilatchi.

Musananyamule munthu, imikani njinga pasitandi yapakati, wina atsamire kumbuyo kuti tayala lakutsogolo linyamuke, ndipo mulizunguze ndi dzanja. Finyani buleki, muisiye, muzunguzenso; tayala liyenera kuyenda momasuka monga linkachitira kale. Onaninso kuti nyali yofiira yakumbuyo ikuyaka mukafinya ndi kuzima mukasiya, chifukwa zogwirira zina sizifikira bwino paswitchi. Yendani pang'onopang'ono mtunda waufupi osagwira buleki yakutsogolo, kenaka ikani dzanja pafupi ndi disiki: ikakhala yotentha, masulani chogwiriracho mukachibweze kushopu tsiku lomwelo, ndipo ndi bwino kugwirizana ndi wogulitsa za kubweza kumeneku musanapereke ndalama. Pakatha masiku awiri kapena atatu, yesaninso nati ija ndi sipanala.