Kulemba si Ntchito ya Mphunzitsi wa Chilankhulo Yekha

Ine ndimaphunzitsa sayansi. Kwa zaka zambiri, mwana akandilembera yankho lopanda mutu, ndinkaloza chala mnzanga wa chilankhulo. Tsiku lina iye anandibweza: "Aphunzitsi, kwa ine anawa amalemba nkhani bwinobwino. Kodi inu munawaonetsapo mmene yankho la sayansi limalembedwera?" Zinandiwawa, koma ndinasowa chonena.

Ganizoli si lachilendo. Ku England, lipoti la boma la mu 1975 lotchedwa Bullock linanena kuti sukulu iliyonse ya sekondale ikhale ndi ndondomeko ya chilankhulo yokhudza maphunziro onse. Chovuta n'kuyamba kwake.

Musayambe ndi msonkhano wa aphunzitsi onse, mungotaya masana. Pezani anzanu atatu a maphunziro osiyana. Aliyense abwere ndi makope atatu: la mwana wochita bwino, la wapakati, ndi la wovutika. Phimbani mayina, muwerenge mayankhowo mokweza. Ife titatero tinadabwa. Tinkati vuto ndi masipelo, pamene anawo ankangotchula mfundo n'kuisiya yokha, osanena chimene chaichititsa.

Ndiye tinagwirizana kulimbana ndi chinthu chimodzi basi: chiganizo. Tinabwereka njira ya Judith Hochman, mphunzitsi wa ku America. Mumalemba chiyambi cha chiganizo pabolodi, ana achimalize katatu, ndi "chifukwa", "koma" ndi "choncho". Ine ndinalemba kuti "Zomera zimafuna kuwala kwa dzuwa". Mnzanga wa phunziro la mbiri yakale analemba za nkhondo yoyamba ya dziko lonse imene inabuka mu 1914. Pa "chifukwa" ambiri amadutsa ndi zoloweza pamtima. Pa "koma" m'pamene mumaona amene wamvetsa. Mtsikana wina anandilembera kuti "koma mbewu imamera ngakhale ili mumdima pansi pa dothi", ndipo ndinadziwa kuti ameneyu waganiza yekha. Zonsezi ndi mphindi zisanu, silabasi siichedwa.

Gwirizananinso zizindikiro zochongera, kuti mzere wa pansi pa mawu utanthauze chimodzimodzi m'makope onse. Ndipo musachonge cholakwika chilichonse. Tsamba likafiira lonse, mwana amangoyang'ana malikisi n'kutseka kope.

Wa masamu adzati iye izi sizimukhudza. Wathu anateronso. Musakangane naye. Mupempheni kuti kamodzi pamlungu ana alembe chiganizo chimodzi chofotokoza chifukwa chimene asankhira njira imeneyo powerengetsera samu. Pakatha milungu iwiri, kumananinso ndi makope a ana omwe aja, muyerekeze tsamba lakale ndi latsopano.