Momwe mungakonzekere ulendo wa banja ku phiri la Mulanje nyengo yozizira

Kuyambira June mpaka August mvula imakhala itatha, mitsinje yaphwera, njira za m'phiri zauma. Iyi ndiyo nthawi yabwino yopita ndi banja ku Mulanje, makamaka ana akatsekera sukulu. Koma kuzizira kwa pamwamba pa phiri si kwa ku Limbe kapena pa Chitakale ayi. Mukakwera mamita 1,000 alionse, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Usiku m'zigwa za pamwambapo mumagwa chisanu, m'mawa udzu n'kupezeka utayera.

Musanaganize za chikwama, yambani mwaona anthu amene mukupita nawo. Ulendo muuyezere pa munthu wofooka kwambiri pagulupo, kaya ndi mwana wamng'ono kaya ndi agogo. Ngati pali ana osakwana zaka 8, pitani ku mathithi a Dziwe la Nkhalamba basi, ulendo wa ola limodzi kapena kupitirirako pang'ono kuchokera ku Likhubula m'munsi mwa phiri, n'kubwerera tsiku lomwelo. Ana okulirapo ozolowera kuyenda akhoza kukagona usiku umodzi ku nyumba yogona okwera phiri ya Chambe, komwe munthu wamkulu amafika pakatha maola atatu kapena anayi akukwera mtunda wokhawokha. Poti muli ndi ana, onjezerani maola ena awiri. Za Sapitwa zisiyeni. Njira yake ndi ya matanthwe okwera chokwawa, ndipo anthu akuluakulu anasocherako osapezekanso.

Pofika kumeneko, minibasi ya ku Limbe ikutsitsani pa Chitakale, kenako mukwere kabaza kapena galimoto yolowera msewu wa ku Phalombe mpaka ku Likhubula, mtunda wa makilomita pafupifupi 10. Kalembetseni ku ofesi ya zankhalango, lipirani zolowera ndi zogona, ndipo munene tsiku lomwe mudzatsike. Tengani wolondolera njira wodziwika ku ofesiko, osati aliyense amene wakuthamangirani pamsewu. Mtengo mugwirizane musananyamuke, komanso mumvane ngati chakudya chake chili kwa inu kapena kwa iye. Kholo lomwe libereke mwana panjira lisasenzenso chikwama, kuli bwino kulemba wonyamula katundu.

Pa zovala ndi pomwe mabanja ambiri amalakwitsa. Amavala jinzi ndi jekete limodzi lalikulu. Pokwera thukuta limanyowetsa malaya, ndipo mukangoima mphepo imakulowani mpaka m'mafupa. Jinzi ikanyowa siuma msanga, imalemera, imazizira. Valani zopyapyala zingapo zosanjikiza: malaya a mkati ouma msanga ngati jezi ya mpira, juzi pamwamba pake, kenako jekete lotchinga mphepo ndi mvula. Mukatenthedwa vulani chimodzi, mukaima kupuma valaninso nthawi yomweyo musanayambe kunjenjemera. Aliyense akhale ndi chipewa chaubweya, masokosi osinthira awiri, ndi zovala zouma zogonera zomangidwa m'jumbo ya pulasitiki. Nsapato zikhale zakale zozolowera phazi, zokhala ndi mapazi ogwira. Nsapato zatsopano zimatulutsa matuza musanafike n'komwe pakati, ndipo masilipasi pamwala wonyowa ndi ngozi.

Mwana wobelekedwa kumbuyo ndi amene amazizidwa kuposa onse, chifukwa inu mukuyenda thupi likutentha pomwe iye angokhala. Mugwireni manja ndi mapazi pafupipafupi.

Pa zakudya ndi zakumwa, muwerengere malita awiri a madzi munthu wamkulu aliyense patsiku. Kukazizira ludzu silimveka, choncho ana muziwamwetsa ngakhale asanapemphe. Madzi a mumtsinje muwawiritse kapena muthiremo mankhwala. Panjira pamafunika zodya choyenda: mtedza wokazinga, nthochi, mbatata yophika, mazira owiritsa, ndi tiyi wa shuga mufulasiki. Ku nyumba za m'phiri kulibe golosale. Mlonda amakupatsani nkhuni ndi madzi, koma ufa kapena mpunga, ndiwo, mchere, mafuta, machesi, poto ndi zofunda ndi zanu. Bulangete limodzi silikwana, tengani awiri aliyense ngati mulibe thumba logonamo. Nyamulaninso chakudya cha tsiku limodzi chapadera, chifukwa nyengo ikhoza kukutsekerani pamwamba.

Nyamukani isanakwane 7 koloko m'mawa. M'miyezi imeneyi dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, ndipo kuseri kwa phiri mdima umafulumira. Pofika 3 koloko masana mukhale mutafika pogona. Tochi ikhale ndi mabatire apadera, osadalira ya pafoni, poti kuzizira kumatha batire msanga ndipo netiweki imapezeka mwa apo ndi apo.

Tsono za chiperoni. Iyi ndi mphepo yachinyontho yochokera kum'mwera chakum'mawa, mbali ya Mozambique, yomwe imabwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza, nthawi zina masiku angapo osaleka. Kumwamba kukhoza kukhala kuli mbee m'mawa, pofika masana osaona munthu amene ali mapazi khumi patsogolo panu. Mverani zanyengo pawailesi dzulo lake, ndipo mukadzuka phiri litafunda mtambo, sinthani pulogalamu, kayendeni m'minda ya tiyi m'munsi. Nkhungu ikakupezani panjira, sonkhanani pamodzi, werengani ana, valani majekete, ndipo wolondolera akati tibwerere musatsutse. Gulu lisagawikane zivute zitani. Wosochera akhale pomwe alipo n'kumaimba wezulo, chifukwa kuyendayenda mu nkhungu ndi komwe kumagwetsera anthu kuphompho. Wezulo ndi wotchipa, mugulire mwana aliyense.

Dziwaninso zizindikiro za munthu amene kuzizira kwamulowa kwambiri: kunjenjemera kosaleka, kulankhula molobodoka, kupunthwapunthwa, kuodzera. Mwana amangoti zii. Muvuleni zonyowa, mumuveke zouma, mumufukate m'bulangete pamodzi ndi munthu wina, ndipo ngati akutha kumeza mumupatse tiyi wofunda wa shuga. Mowa ayi, umatsegula mitsempha ya pakhungu thupi n'kutaya kutentha kochuluka. Akasiya kunjenjemera koma akadali wosokonezeka, zafika poipa, tumani wolondolera akaitane thandizo.

Ku Dziwe la Nkhalamba madzi amazizira ngati a mufiriji ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo pakati ndi pakuya. Ana aviike mapazi m'mbali inu muli pomwepo, thaulo ndi juzi zili pafupi. Miyala yobiriwira ndere asaiponde.

Usiku otherani moto pamalo ake oikidwa m'nyumba ya m'phirimo. Chimene sitingaleke kukuchenjezani ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka, kaya ndi m'phiri kaya kumalo ogona alendo m'munsi. Makala amatulutsa mpweya wapoizoni wosaoneka ndi wosanunkha, munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso. Itulutseni panja musanagone. Kunja musayatse moto paudzu, poti pofika August umakhala utauma ndipo moto wolusa ndi umodzi mwa adani a mkungudza wa Mulanje, mtengo wafuko lathu womwe watsala pang'ono kutha m'phirimo.

Potsika, perekani kangachepe kwa mlonda, zinyalala zonse mubwerere nazo m'chikwama, ndipo muyende pang'onopang'ono. Miyendo yotopa imaterereka kwambiri potsetsereka kusiyana ndi pokwera, choncho wamkulu mmodzi atsogole, ana pakati, wina atsekere kumbuyo. Mukafika ku Likhubula kadziwitseni a ku ofesi kuti mwatsika nonse.