Kulowa ndi Kutuluka pa Kompyuta ya Windows Imene Anthu Amasinthana

Malangizo awa ndi a kompyuta ya pa tebulo imene ili ndi Windows 11, makamaka ija imene anthu angapo amasewenzetsa mosinthana mu ofesi, ku sukulu, pa kiliniki kapena pa shopu yosindikiza mapepala. Zambili zimagwilanso nchito pa Windows 10, ngakhale kuti Microsoft inathetsa cithandizo cake ca nthawi zonse pa 14 October 2025. Mau a pa sikilini talemba m'Cingelezi monga mmene mudzawaonela.

Kulowa

Mukayatsa kompyuta mudzaona cithunzi ndi nthawi. Dinizani batani lililonse pa kiibodi kuti malo olembapo pasiwedi aonekele. Pakati pamakhala dzina la munthu amene analowa komalizila, ndipo maina a ena onse amakhala kumunsi, kumanzele. Sankhani lanu musanalembe ciliconse.

Pasiwedi ikakanidwa, musathamangile kunena kuti wina waisintha. Onani coyamba ngati Caps Lock ndi yoyaka, cifukwa Windows imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Ngati mulemba manambala ndi mabatani a kudzanja lamanja, onani Num Lock. Kumapeto kwa kabokosi ka pasiwedi kuli kacizindikilo ka diso. Mukakadiniza osacotsapo cala, mudzaona zimene mwalemba.

Pali vuto lina limene limasokoneza anthu ambili pa makompyuta a salaula: kiibodi ya ku Britain ndi ya ku America zimasiyana. Pa ya ku America, Shift ndi 2 zimalemba @. Pa ya ku Britain, mabatani omwewo amalemba ", ndipo @ ili pafupi ndi Enter. Kompyuta ikaikidwa kuti itsatile ya ku America pomwe kiibodi ndi ya ku Britain, cimene cilembedwa pa batani sicimene cimalowa. Ngati pa kompyutayo anaikapo mitundu iwili ya kiibodi, kumunsi kudzanja lamanja mudzaona ENG, ndipo mungasinthile pomwepo. Musangoyesayesa mwacisawawa. Windows 11 yoikidwa catsopano imakhoma akaunti ya pa kompyuta kwa mphindi 10 ngati pasiwedi yalakwika maulendo 10, ndipo m'maofesi, akatswili a makompyuta (a IT) angacepetse maulendowo.

Ku maofesi kumene makompyuta ali pa netiweki ya kampani, dzina lanu mwina silidzaoneka. Sankhani Other user, ndipo lembani dzina ndi pasiwedi zimene a IT anakupatsani. Ena amafuna kuti mudinize Ctrl, Alt ndi Delete pamodzi musanalowe.

M'malo mwa pasiwedi mungaike PIN. Pitani ku Settings, Accounts, ndiyeno Sign-in options. PIN imafunika manambala osacepela 4, ndipo imagwila nchito pa kompyuta yomweyo cabe. Wina akaiona, sangalowe nayo mu imelo yanu ali kwina. Koma isakhale caka cimene munabadwa, ndiponso isafanane ndi ya Airtel Money kapena MTN MoMo. Pa kompyuta ya mu ofesi anthu amakuonani zala tsiku lililonse.

Mukalowa, n'ciani cimatseguka?

Kuyambila pamene mwalowa mpaka pamene mudzatuluka, Windows imakutsegulilani seshoni. Mapulogilamu amene mwatsegula, makalata amene mukali kulemba, masamba a pa intaneti amene mwalowamo, zonse zimakhala mu seshoni yanu ndipo zimayenda pa dzina lanu. Aliyense amene akhala pa mpando seshoni ikali yotsegula, kompyuta imamuona ngati ndinu. Akatumiza imelo, mwatumiza ndinu. Akafufuta faelo ya malipilo, mwafufuta ndinu.

Njila zocokela pa kompyuta zilipo zingapo, ndipo anthu amazisokoneza. Dinizani Ctrl, Alt ndi Delete pamodzi, mudzaona Lock, Switch user ndi Sign out.

Lock ndi kukhoma. Zonse zimatsala mmene munazisiyila, koma sikilini imafuna pasiwedi kapena PIN kuti munthu azione. Njila yacidule ndi batani la Windows pamodzi ndi L. Citani zimenezi nthawi iliyonse mukanyamuka, kaya mupita kukamwa tiyi, kaya ku pulinta kumene kuli apa cabe. Monga mmene simusiyila khomo la nyumba lotsegula popita ku kantemba, ndi mmenenso ziyenela kukhalila pano. Kwa amene amasunga ma NRC a anthu, manambala a foni kapena mbili ya odwala, nkhaniyi ikhudzanso lamulo, cifukwa Data Protection Act ya Zambia ya 2021 imafuna kuti uthenga wa anthu uzitetezedwa.

Switch user imapatsa mnzanu mpata wolowa mu akaunti yake, yanu ili yokhoma kumbuyo. Ndi yabwino ngati afuna cabe kusindikiza kalata imodzi n'kukubwezelani mpando. Kuipa kwake n'kwakuti seshoni yanu ikali kudya memole, malo amene kompyuta imasungamo kwa kanthawi zimene zili zotsegula. Kompyuta ya 4 GB ikakhala ndi anthu atatu olowa, aliyense ndi Chrome yake yotsegula, imayenda mokwawa, ndipo anthu amayamba kunena kuti yalowa vailasi pomwe vuto ndi maseshoni osatsekedwa.

Sign out ndiye kutuluka kwenikweni. Mapulogilamu onse amatsekeka ndipo seshoni imatha. Sungani nchito yanu coyamba ndi Ctrl ndi S. Ngati pali faelo yosasungidwa, Windows imaima n'kukuonetsani pulogilamu imene ikuletsa kutuluka. Pamenepo sankhani Cancel, bwelelani mukasunge. Mukasankha Sign out anyway, zimene simunasunge zingataike. Mukaweluka, kapena ngati simudzabwelanso pa kompyutayo tsikulo, sewenzetsani Sign out, osati Lock.

Kuti muone amene akali olowa, dinizani Ctrl, Shift ndi Esc kuti Task Manager itseguke, ndiyeno pitani pa Users. Amene anacoka osatuluka amalembedwa Disconnected, ndipo pambali pamaoneka memole imene akudya. Woyang'anila kompyuta angamutulutse munthuyo pomwepo. Koma muimbileni foni coyamba, cifukwa nchito yake yosasungidwa imapita ndi seshoniyo. N'cimodzimodzi pozimitsa kompyuta: mukaona cenjezo lakuti Someone else is still using this PC, musangodiniza Shut down anyway. Lipoti la mnzanu la kumapeto kwa mwezi lingakhale lili kumbuyoko.

Aliyense ndi akaunti yake

Zonsezi zilibe phindu ngati ofesi yonse imalowela pa akaunti imodzi, pasiwedi yake ili pa kapepala komata pa monita. Akaunti yatsopano imapangidwa ndi woyang'anila, ku Settings, Accounts, Other users, Add account. Windows idzafunsa imelo ya Microsoft ya munthuyo. Ngati alibe, sankhani I don't have this person's sign-in information, ndiyeno Add a user without a Microsoft account. Akaunti yotele imafuna mafunso atatu a citetezo, ndipo ayankhe ndi mwini wake, popeza mafunsowo ndi amene adzamuthandiza akaiwala pasiwedi. Amene ali ndi akaunti ya Microsoft akaiwala, amakonzela pa intaneti, ndipo nambala yotsimikizila (code) imabwela pa foni kapena imelo imene analembetsa. Mukasintha nambala ya foni, isintheninso mu akauntiyo nambala yakale ikali m'manja mwanu.

Akaunti yatsopano imakhala Standard User, ndipo isiyeni conco. Munthu wa Standard amacita nchito yake yonse, kungoti sangaike mapulogilamu okhudza kompyuta yonse kapena kutsegula mafaelo a anzake popanda pasiwedi ya Administrator, woyang'anila uja. Mafaelo a munthu aliyense amakhala mu foda ya dzina lake pansi pa C:\Users. Zimene mufuna kugawana ziikeni mu C:\Users\Public, mmene onse angafike.

Blauza ili ndi seshoni yakeyake

Apa ndi pamene ambili amagwa. Kutuluka mu Windows sikukutulutsani mu Gmail, Facebook kapena WhatsApp Web. Blauza, pulogilamu yotsegulila masamba a pa intaneti monga Chrome, imakumbukila kuti munalowa. Ngati muli ndi akaunti yanuyanu ya Windows palibe vuto lalikulu, cifukwa blauza ya mnzanu ndi ina. Koma ku intaneti kafe, kumene onse amasewenzetsa akaunti imodzi, wobwela pambuyo panu angatsegule Chrome n'kupeza imelo yanu ili pambalambanda. Kutseka windo ndi X sikutuluka.

Pa kompyuta imene si yanu, tsegulani windo yacinsinsi ndi Ctrl, Shift ndi N mu Chrome kapena Edge, ndipo lowelani mmenemo. Blauza ikafunsa ngati isunge pasiwedi, kanani. Mukatsiliza nchito pa TaxOnline ya ZRA, pa tsamba la NAPSA kapena ku banki, pezani Log out ya tsambalo, ndiyeno tsekani windo yonse. Mafaelo amene munacita daunilodi amatsala ngakhale pa windo yacinsinsi, conco tsegulani foda ya Downloads, fufutani peyisilipu kapena kope ya NRC yanu, ndipo cotsaninso mu Recycle Bin. Mukakumbukila muli kale mu basi kuti WhatsApp munaisiya yotsegula, pitani pa Linked devices pa foni yanu, sankhani kompyutayo, ndipo dinizani Log out.

Malaiti akazima

Kompyuta ya pa tebulo ilibe batile. Malaiti akazima, maseshoni onse amathela pomwepo, yanu ndi ya anzanu amene anaisiya yokhoma. Kukhoma kumateteza ku maso a anthu, sikusunga nchito. Conco sungani musanakhome, ndipo musadalile Sleep pa tsiku la lodishedi. Ngati muli ndi UPS (kabokosi ka batile kamene kamayendetsa kompyuta kwa kanthawi malaiti akazima), mphindi zimene imakupatsani ndi zosungila nchito ndi kuzimitsa bwino kompyuta, si zopitilizila kulemba.

Pozimitsa, dinizani batani la Windows ndi X, sankhani Shut down or sign out, ndiyeno Shut down. Yembekezani kuti kanyali ka pa bokosi kazime musanazimitse pa cipupa. Ngati kompyuta yakhala ikuvuta, sankhani Restart m'malo mwa Shut down. Pa makompyuta ambili Fast Startup ndi yoyaka, ndipo Shut down imasungako mbali ina ya Windows kuti mawa iyake msanga, vuto n'kubwelanso nalo. Restart imayambitsa zonse pa ciyambi. Ngati mufuna kuzimitsa kothelatu, gwilani Shift pamene mudiniza Shut down.