Namwino wafika kumene pachipatala chanu: chitani izi kuti akhazikike

Kalata yopempha transifa salemba tsiku limodzi. Namwino amayamba kuilemba mumtima usiku umene wathandiza mayi kuchira atalumira foni kukamwa kuti tochi iwunikire, chifukwa batire ya sola inafa kalekale ndipo palibe amene analabadira.

Mu 2005 boma, mothandizidwa ndi dziko la Britain komanso thumba la Global Fund, linawonjezera malipiro a anamwino ndi ena ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 peresenti, nthawi imene ambiri ankathawira kunja. Zinathandiza ndithu. Komatu za malipiro amakambirana ku Capital Hill. Inu oyang'anira chipatala, a komiti ndi mafumu, gwirani zomwe zili m'manja mwanu.

Yambani ndi nyumba. Namwino asanafike, pitani mukaione nokha: denga likudontha? Chitseko chili ndi loko? Mjigo uli patali bwanji? Mtsikana wochokera kusukulu ya unamwino, kaya ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kaya ku makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, amene wafika ndi chikwama chimodzi n'kugonekedwa m'chipinda chosungiramo makatoni a mankhwala, ameneyo mwamutaya kale ngakhale mukumuona pantchito. Ngati nyumba palibe, komiti iumbe njerwa, a mfumu apereke malo. Zimatheka, madera ena anachita.

Kenako rosita. Apa mpamene ambiri timalakwitsa, ndipo ndikhalitsapo pang'ono. Wobwera kumene timamuunjikira ma naiti, Loweruka ndi Khirisimasi yomwe, ati poti alibe banja. Akapempha tchuthi, yankho ndi loti "tilipo ochepa". Ochepa mulipodi, koma mtolowo ugawidwe poyera. Rosita ipachikidwe pakhoma mwezi usanayambe, aliyense aone kuti ma naiti akuzungulira mofanana. Wagwira lokamu, ntchito yowonjezera yolipidwa padera, mapepala ake apite ku ofesi ya boma msanga, ndipo muziwalondola, osati mpaka mwini wake achite kupempha ngati wabwereka. Akalakwitsa, muitanireni mu ofesi. Kumukalipira pamaso pa odwala ndi owadikirira kumamuchotsera ulemu umene sangaupezenso pamudzipo.

Mwayi wa maphunziro usamagwere anthu omwewomwewo. Mufunseni chimene akufuna kudzakhala zaka zitatu zikubwerazi, mumuuze njira yake.

Kwa inu a kumudzi: paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndiye musamusiye akhale mlendo. Muonetseni kwa a mfumu sabata yoyamba, mumulondolere kutchalitchi kapena kumzikiti, mumubwereke kadimba. Akaferedwa kwawo, komiti itumize anthu awiri ndi chipepeso. Mankhwala akatha, musathamangire kumutcha wakuba musanafufuze, mwina galimoto yobweretsa mankhwala sinafike n'komwe.

Pakatha miyezi itatu, khalani naye pansi awiriwiri, mumufunse chimene chikumusowetsa tulo. Lembani zimene wanena, ndipo chimodzi mwa izo chikonzedwe mwezi womwewo usanathe.